Chaka Chimene a Kapinga Analeka Kutchetcha

9 Ogasiti

Mlongo wanga,

Moni kwa iwe ndi alamu. Ndikhulupirira kuti mwendo wa alamu unasiya kutupa. Ine kuno ndili bwino, kupatula makutuwa, amene ukudziwa kale kuti phokoso la makina linawamaliza. N'chifukwa chake ndikulemba kalata ngati munthu wakale. Pa foni ndimangoti "eya, eya" osamva kanthu, ndipo paja tsiku lina ndinakupepesa maliro pamene iwe unkandiuza kuti mbuzi yaswa.

Nkhani ndi iyi: andilanda makina. Zaka 27 ndakhala ndikutchetcha paki ya mumzinda muno, mpaka anthu anaiwala dzina langa n'kumangonditcha a Kapinga. Lolemba lapitali kapitawo anandiitanira mu shedi n'kunena kuti, "Madala, kuyambira lero udzu musamaukhudze." Ndinaganiza kuti makutu andinamiza, choncho ndinamuuza abwereze. Anabwereza mokuwa mpaka osesa m'misewu anamva.

Akhonsolo atitumizira bwana watsopano, mayi wophunzira za chilengedwe, wa msinkhu wa mwana wako woyamba. Amayenda ndi kabuku ndi kaukonde kogwirira agulugufe, ndiye ife tangomutcha Mayi wa Agulugufe. Anatisonkhanitsa tonse n'kutionetsa zithunzi za m'maiko ena, kumene akugumula madamu akale kuti mitsinje iziyenda yokha, akuzula mipanda, ndipo akubwezera nyama m'malo momwe zinatha. Akuti nthaka ikasiyidwa kuti imere zake imasunga madzi, imaziziritsa mzinda, ndipo imathandiza pa vuto la kusintha kwa nyengoli. Ine ndinakweza dzanja n'kufunsa kuti, "Ndiye ntchito yanga ikhala yotani?" Iye anati, "Muziyang'anira." Ndinati, "Kuyang'anira ndani?" Anati, "Udzu."

Ndiye mlongo wako, amene ankadula mizere yowongoka moti akwati ankachoka kutali kudzajambulitsa pa kapinga wake, tsopano amadzuka m'mawa, kuvala ovolosi, kupukuta jombo, n'kupita kukaonerera udzu ukukula. Dziko lonse lapansi lagwirizana kuti zimene ndachita moyo wanga wonse kunali kuwononga, ndipo ine ndamva pomalizira, monga mwa masiku onse.

Undiuze za kumeneko. Chigwembe chija cha kuseri kwa nyumba chafika pati?

Ndine mlongo wako,
Kapinga

30 Ogasiti

Achimwene,

Kalata yanu tinalandira. Ife tili bwino. Mwendo wa alamu anu waphwa, ayambanso kusoka.

Kalatayo ndinaiwerenga katatu, kachinayi ndinawawerengera alamu anu mokweza. Atamva anavula magalasi n'kunena kuti, "Awachotsa ntchito awa, akungochita manyazi." Inenso ndi mmene ndaonera. Achimwene, ine ndi inu tinayamwa bere limodzi, musandibisire. Kulibe bwana amene angalipire munthu kuti aziyang'ana udzu. Kukanakhala ntchito yotero, alamu anu akanakhala bwana wamkulu kalekale, chifukwa udzu wa pakhomo pano auyang'anira zaka zisanu osaukhudza.

Za chigwembe mwafunsa. Mukukumbukira kuti bambo atamwalira munabwera pa tchuthi n'kugwetsa tchire lonse la kuseri kuja, mitengo ndi bango lomwe, n'kudzala kapinga kuti pakhomo pazioneka ngati m'tauni? Ine ndinkakuthandizani kututa nthambi, ndikunyadira kuti nafenso tatukuka. Kapinga uja mbuzi zinamumaliza mwezi umodzi, ndipo dzinja lotsatira madzi anayamba kukumba. Chigwembecho chinkasendera chaka ndi chaka mpaka panatsala mapazi khumi ndi awiri kuti chifike pa khoma la chipinda chanu. Koma zaka zitatu zapitazi chaima pomwepo, sindikudziwa chifukwa chake. Kuseriko sitipitako. Zitsa zija zinaphukanso, kwamera minga ndi nsenjere, ndi tchire lochititsa manyazi. Mutaliona inu mukhoza kudwala.

Ngati akuchotsani, bwerani kwanu. Chipinda chanu chilipo, mwangokhala matumba ndi njinga yakufa. Palibe amene adzakusekeni kupatula alamu anu, ndipo iwo amaseka aliyense.

Mundiyankhe zoona.

Ndine mlongo wanu

21 Seputembala

Mlongo wanga,

Moni nonse. Uwauze alamu kuti sanandichotse, koma asafulumire kukhumudwa, chifukwa mwina pofika Lolemba mawu awo akwaniritsidwa.

Ndachita chinthu chopusa. Pali bambo wina wopuma pa ntchito amene amayendetsa galu wake m'paki muno m'mawa uliwonse. Zaka zonsezi ankandivulira chipewa. Ukudziwa kuti kuno mvula sidikira dzinja, ndiye udzu wandifika kale m'mawondo. Sabata yatha bamboyo anaima patsogolo panga, n'kuloza udzuwo ndi ndodo yake, n'kunena kuti, "Madala, ukalamba wakugwirani? Paki kusanduka thengo inu mulipo?" Mawu ambiri amandidutsa, koma amenewa ndinawamva bwinobwino. Makutu angawa amasankha.

Lamlungu m'mawa, tsiku losagwira ntchito, ndinatenga chikwakwa changa chakale n'kupita kumunsi kwa paki. Ndinkati ndingodula kamzere kamodzi m'mbali mwa njira, kuti bamboyo aone kuti ndikadali moyo. Koma dzanja litakumbukira ntchito linakana kuima. Ndinatchetcha dera lalikulu ngati bwalo la mpira, ndikuimba nyimbo. Kenako chinthu china chinauluka pa mapazi panga. Nditayang'ana pansi ndinaona chisa cha zinziri, mazira asanu ndi awiri, anayi nditawaphwanya kale ndi jombo. Mwina mbalameyo inalira pondichenjeza, ine sindinamve.

Ndinakhala pansi pomwepo. Kenako ndinayamba kuimika udzu wodulawo mozungulira chisa, munthu wamkulu ndi imvi zanga, kubwezera udzu pamalo pake ngati ungagwirenso. Make wa mazirawo sanabwererenso.

Mayi wa Agulugufe anaona kutacha. Malo amenewo ndi amene amawerengerapo tizilombo sabata iliyonse. Anali atakhomapo timitengo topaka utoto, ine ndinkatiyesa masewera a ana. Sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Wachita izi ndani?" Kapitawo, pofuna kundibisa, anati mwina ndi anthu omweta udzu wa ziweto. Ine ndinati, "Omweta udzu wa ziweto sadula mowongoka chonchi." Ngakhale poulula mlandu ndinadzitamabe.

Andiitana ku ofesi Lolemba likudzali. Matumba aja usawachotse kaye m'chipindamo, koma uyambe kuganizira kokawaika. Undiuze ngati denga lake silidontha.

Ndine mlongo wako,
Kapinga

3 Okutobala

Mlongo wanga,

Moni. Kalata iyi ndapatsira dalaivala wa lole uja amadutsa kwathuko, kuti ifike msanga kuposa ya pa positi. Uiwerenge tsiku lomwelo.

Sanandichotse. Ndinapita ku ofesi nditavala jekete yanga ya kumaliro, makiyi a shedi ali m'manja kuti ndingopereka. Mayi uja anayala mapu a paki pa tebulo, n'kukhala moyang'anizana nane kuti ndiziona pakamwa pake. Anafunsa kuti, "Pa zaka 27 zonsezi, makina anu ankatitimira pati?" Ndinadabwa, koma ndinamulozera malo atatu amene ndinkawatukwana chaka chilichonse, pomwe matayala ankazama m'matope ngakhale kunja kuli ng'amba. Anati akhala akufunafuna kasupe amene anatsekeredwa m'mapaipi nthawi imene ankakonza pakiyi, ndipo mapepala akale anasowa. Za zinziri anangoti, "Chaka chamawa mudzazilondera ndinu."

Tinakumba pamalo achiwiri, paipi inali pomwepo. Titaiswa, madzi anatuluka n'kuyamba kudzifunira okha njira, mokhotakhota, zimene zinandipweteka mtima pang'ono. Patha masiku asanu okha koma atombolombo afika kale, kaya anawauza ndani.

Dzulo tikudya masana ndinamufotokozera mayi uja za chigwembe chathu, ndikudandaula kuti kuseri kwa nyumba kwasanduka tchire. Anandifunsa kuti chigwembecho chinaima liti, nanga tchirelo linakula liti. Nditawerenga zaka pa zala ndinasiya kutafuna. Mlongo wanga, chimene chagwira nyumba ya bambo ndi minga imene ukuchita nayo manyaziyo. Mizu yake ndiyo yamanga dothi, ndipo masamba ake ndiwo akuchepetsa liwiro la madzi. Ulesi wa alamu wapulumutsa zimene khama langa linawononga, koma usawauze m'mawu amenewa.

Chonde musadule kanthu kuseriko, ngakhale kanthambi.

Ndine mlongo wako,
Kapinga

14 Okutobala

Achimwene,

Moni. Muli bwanji kumeneko? Kalata yanu ya za zinziri inatipeza, ndipo kuyambira pamenepo kuli zii. Ife tamva tanthauzo la kukhala chete kwanuko. Ndikudziwa kuti n'kovuta kulemba ndi dzanja lako mawu oti andichotsa, ndiye musavutike.

Tamverani nkhani yokoma. Matumba ndachotsa, njinga yakufa ndapatsa wokonza njinga, chipinda ndachipaka laimu, alamu anu asoka makatani. Kenako ndinaima pa windo lanu n'kuona tchire lija likusuzumira m'nyumba. Ndinati ayi, achimwene anga atchetcha paki ya mumzinda zaka 27, sangamadzuke m'mawa n'kumaona zimenezi. Ndinaitana amuna atatu a nkhwangwa ndi zikwakwa. Alamu anu anati, "Bwanji tidikire eni ake abwere?" Ine ndinati, "Inu mawu oti tidikire munabadwa nawo." M'masiku anayi tinagwetsa zonse, zitsa zambiri tinazula, zinyalala tinatentha. Kusesa ndinasesa ndekha, mpaka m'mphepete mwenimweni mwa chigwembe. M'tchiremo munatuluka akanungu awiri, abuluzi ndi mbalame zosawerengeka. Agalu a aneba anadya bwino sabata imeneyo.

Panopa mukaima pa windo mukuona mpaka kutsidya. Pali mbee ngati pa tebulo. Chimwalirireni amayi sindinagwirepo ntchito yondinyaditsa chonchi. Mubwere ndi mbewu ya kapinga wanu uja, ulendo uno mbuzi ndizizimangirira.

Mutiuze tsiku, kuti alamu anu akakuchingamireni pa siteji.

Ndine mlongo wanu

12 Novembala

Alamu,

Ndine mlamu wanu, telala. Ndalemba ine chifukwa achemwali anu akana kugwira cholembera. Tonse tili moyo, ndiyambe ndi zimenezo.

Mvula yoyamba inagwa Lachiwiri lapitalo masana, yamphamvu, maola atatu. Tinali pa khonde la m'mbali tikuonerera. Madzi a kumtunda konse anatsetsereka pamalo tinasesa paja popanda chowagwira, ali ofiira ndi dothi. Chigwembe chinadya mapazi khumi ndi awiri aja ife tikuona. Kenako khoma la kuseri la chipinda chanu linakhala pansi pang'onopang'ono ngati munthu wotopa, n'kutsetserekera kumunsi pamodzi ndi windo, bedi ndi makatani anga. Makataniwo ndinawasoka bwino, a mipendero iwiri. Nyumba yotsalayo ilipo, koma mng'alu walowa m'chipinda chochezera.

Lachinayi munaimba foni. Tinakumvani mukukuwa kuti tisadule mitengo. Ine ndinakuwa kuti khoma lagwa kale. Inu munati, "Eya, eya, zikomo," n'kudula.

Loweruka kunabwera dalaivala wa lole ndi kalata yanu ya pa 3 Okutobala. Akuti inali m'thumba la jekete, ndipo jeketeyo anaisiya kwa mkazi wake wina. Achemwali anu anaiwerenga ataimirira, n'kundipatsa, n'kukakhala pa mulu wa njerwa zakugwa mpaka dzuwa kupendeka. Ine ndinawerenga yonse, pamodzi ndi paja munati asandiuze. Zikomo, alamu. Zaka makumi atatu za ukwati palibe anayamikirapo ulesi wanga, kungoti ulemuwo wafika tchire litapsa kale.

Achemwali anu sakudya bwino. Akuti agwetsa nyumba ya bambo awo ndi tsache. Ine nthabwala zandithera. Anthu akuti m'chigwembemo tithiremo simenti, ndiye ngati mungathe mutithandize nayo. Koma chachikulu, muwalembere.

Ndine mlamu wanu

29 Novembala

Mlongo wanga,

Moni. Alamu andiuza zonse, ndipo ulendo uno ndamva.

Nyumba sunagwetse iwe. Unasesa chifukwa umamudziwa mlongo wako, ndipo sunalakwitse. Ndikanafika mu Ogasiti n'kupeza tchire lija, ndikanayamba kulitchetcha ndisanavule nsapato za ulendo. Amene anakuphunzitsa kuti dothi lambee ndiye ukhondo ndine, nditaimirira pa zitsa za mitengo ya bambo, manja ali m'chiuno. Iwe unandikonzera chipinda. Palibe munthu wina pa dziko lino amene anandikonzerapo chipinda, ndiye usandilande zimenezo chifukwa choti chinapita ndi madzi. Uzidya.

Simenti ayi. Ndafunsa, akuti madzi adzangoizungulira n'kukumba pambali. Ndatenga tchuthi cha milungu isanu, ndifika pa 12 Disembala. Musonkhanitse miyala, nthambi ndi zitsa zimene sizinapse. Tidzamanga timipanda tating'onoting'ono m'chigwembemo kuti madzi azifika kumunsi atatopa, tidzadzala bango ndi nsenjere. Kenako tidzagwira ntchito yovuta kuposa zonse, imene ine yanditengera miyezi inayi kuti ndiiphunzire, yochokapo n'kusiya. Pa gawo limenelo kapitawo adzakhala alamu.

Ndizidzagona pa khonde. Mbewu ya kapinga sindibweretsa. Mayi wa Agulugufe akuti ndidzajambule zithunzi, chifukwa mu Malichi kukubwera alendo a m'maiko ena ogwira ntchito yomweyi, ndipo akufuna ndikawalankhule. Ndinamufunsa kuti ndikanene chiyani, ine munthu wotchetcha. Anati ndikanene zimene ndinalakwitsa. Ndamuuza kuti andipatse tsiku lonse.

Undiyankhe ndi dzanja lako, ngakhale mizere iwiri.

Ndine mlongo wako,
Kapinga

17 Epulo

Achimwene,

Moni. Pepani ndachedwa kuyankha makalata anu awiri, ndinatanganidwa ndi kumunda. Chithunzi cha kamtsinje ka m'paki chimene munatumiza tachiona. Alamu anu akuti chinthu chakuda chili m'madzicho ndi chala chanu, koma ine ndavomera kuti ndi katumbu, poti mwatero ndinu. Nanga timakina ta m'makutu timene anakupatsani ku chipatala tikugwira? Munalemba kuti phokoso la mbalame lakuchulukirani, moti masana mumatizimitsa. Musamazimitse. Zaka zonse zija munazimva liti?

Kuno dzinja lachiwiri latha chimangireni timipanda tija, ndipo chigwembe sichinasunthe. Timipandato takwiririka ndi dothi, bango latalika kundiposa, zitsa zotsala zaphuka. Mwa aneba amene ankaseka kuti a Kapinga achoka kutali kudzadzala tchire, awiri abwera kudzapempha bango, mobisa, aliyense nthawi yake. Khoma tamanganso. Mng'alu wa pochezera uli pomwepo, ndakolekapo kalendala.

Musaganize kuti zonse ndi zokoma. Udzudzu wachuluka, achule sapereka mpata kwa wailesi, ndipo mwezi watha ndinapeza njoka ikuwothera dzuwa pa mwala wochapira. Ndinaitukwana, pamodzi ndi inu ndi Mayi wanu wa Agulugufe.

Koma chimene ndalembera ndi ichi. Nyemba zanga za m'mphepete mwa tchire zakhala zikudyedwa nsonga. Ndinakangana ndi mkazi wa wokonza njinga, kunena mbuzi zake, mpaka tinasiya kupatsana moni. Lachisanu m'mamawa ndinakabisala pangodya ya khoma latsopano, mwala uli m'manja, kuti ndigwire umboni. M'bango muja munatuluka gwape. Achimwene, gwape weniweni, wamng'ono ngati mbuzi ya miyezi isanu, miyendo ngati timitengo. Gwape ndinamuona komaliza ndili mtsikana wa pasukulu. Anaima, n'kugwedeza makutu, n'kuyamba kudya nyemba zanga mosafulumira, ngati analima ndi iye. Ine mwala uli m'manja. Anamaliza mzere woyamba, anayamba wachiwiri. Dzanja linachita dzanzi ndili chiimire.

Atalowa m'bango ndinatembenuka, ndipo alamu anu anali pa windo ndi kapu ya tiyi. Anati, "Nanga mbuzi ija mwaigenda?" Ndinati, "Yathawa." Anati, "Ndaona mmene yathawira, mizere iwiri."

Mawa ndikupita kukapepesa kwa mkazi wa wokonza njinga. Vuto ndi loti sindingamuuze wakubayo, chifukwa mwamuna wake ali ndi agalu anayi ndi misampha. Ndiye ndikanena kuti nyembazo ndinkathyola ndekha n'kumaiwala, chifukwa cha ukalamba. Pofika Loweruka msika wonse ukhala utamva kuti mutu wanga wayamba kusokonekera, ndipo ndalolera. Inunso mukadzabwera, wina akadzakufunsani, mudzangovomera kuti mlongo wanu wayamba kuiwalaiwala.

Ndine mlongo wanu